Kalata ya Abusa: Foni Ibwerere M'thumba, Manja Apite pa Bala

Kwa akulu a mpingo, madikoni, amayi a Mvano, achinyamata ndi Akhristu onse a m'milaga yathu.

Okondedwa mwa Ambuye, chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Kalatayi iwerengedwe m'mapemphero onse awiri Lamulungu lino, ndipo alembi a milaga ayiponyenso m'magulu onse a WhatsApp a mpingo, poti chimene ndikudzudzula chinachitikira momwemo.

Nonse mwamva za ngozi ya kabaza imene inachitika pamsewu wotsikira kumsika sabata yathayi. Mnyamata anagona pa tala, magazi akutuluka pa ntchafu, anthu atamuzinga bwalo. Kanema amene anazungulira uja akuonetsa mafoni ali m'mwamba mbali zonse, koma pa balalo palibe dzanja ngakhale limodzi. Galimoto isanafike naye kuchipatala cha Gulupu, chithunzi chake chinali chitalowa kale m'gulu la mlaga wina wa mpingo uno, pansi pake atalemba kuti "amene akumudziwa auze abale." Mayi ake ali m'gulu lomwelo. Anali pa benchi lawo la tomato pamene anatsegula chithunzicho, ndipo anazindikira mwana wawo poona nsapato zimene anamugulira okha. Mnyamatayo tamuika m'manda Lachinayi.

Amene anatumiza chithunzicho sesoni yakumana naye kale, ndipo dzina lake sindilitchula. Komanso mlanduwu si wa iye yekha. Aliyense amene analandira kanemayo, naonera mpaka kumapeto, namukankhira kugulu lina, ali nawo gawo.

Nowa ataledzera anagona wamaliseche m'hema wake. Hamu anaona, natuluka kukauza abale ake panja. Koma Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, nachiika pa mapewa awo, nayenda chambuyo, nafunda atate wawo, nkhope zawo zitayang'ana kumbali. Pamsewu uja ana a Hamu anachuluka, ndipo ena mwa iwo anali atavala yunifomu ya kwaya yathu Lamulungu lapitalo.

Ena mwanena kuti anthu a masiku ano anabadwa ouma mtima. Ayi, bodza limenelo. Munthu sabadwa wouma mtima. Mulungu analenga munthu m'chifanizo chake, ndipo chifundo anachiumbira m'thupi momwemo, munthu asanadziwe kulankhula, asanalowe Sande sukulu, asanamve lamulo lililonse. Amayi amene munagonako kuwodi ya ochira mukudziwa kuti khanda limodzi likayamba kulira, enawo amalandira mpaka wodi yonse ili phokoso. Akatswiri anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1970 ndipo anapeza kuti khanda la masiku awiri kapena atatu limalira kwambiri likamva kulira kwa khanda linzake kusiyana ndi pamene lamva phokoso lina lofanana nako kukula. Mu 2006, ku Leipzig m'dziko la Germany, Felix Warneken ndi Michael Tomasello anayesa ana a miyezi 18. Munthu wamkulu amene anawo sankamudziwa ankayanika zovala, n'kugwetsa chopanira zovala, n'kumachifikira osachipeza. Ana ambiri ananyamuka, natola, nam'patsa, popanda wowatuma, popanda switi. Koma munthuyo akachiponya dala pansi, anawo sankatola. Mwana wosadziwa n'komwe kuvala kabudula amatha kale kusiyanitsa munthu amene wavutika ndi amene akungosewera.

Ngakhale ubongo wa munthu wamkulu umachitira umboni. Mu 2004, ku London, Tania Singer ndi anzake anaunika ubongo wa amayi pamene iwo eni akumva ululu pa dzanja, kenaka pamene amuna awo, atakhala pambali, akumva ululu womwewo. Mbali zina za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamva kuwawa zinadzukanso pamene ululuwo unali wa mnzake. N'chifukwa chake mumatsinzina ndi kukoka mpweya mukaona mwana akudzicheka ndi mpeni, chala chili chake osati chanu. Paulo analemba kalekale: "Ndipo chingakhale chiwalo chimodzi chimva zowawa, ziwalo zonse zimva pamodzi." Ndipo Yehova pofuna kutiuza za chifundo chake anatenga chitsanzo pamene chifundo cha munthu chimayambira: "Kodi mkazi angaiwale mwana wake wa pabere?" Khanda la munthu silingadzithandize kwa zaka zambiri. Tonse tili moyo lero chifukwa wina anamva kulira kwathu usiku, kunamuwawa, nadzuka.

Mzinda uno wa Blantyre unaonetsanso zomwezo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu anakumba matope ndi makasu, ena ndi manja enieni, osafunsa kuti wokwiririkayo ndi wa mpingo uti. Choncho funso langa si lakuti chifundo tichitenge kuti. Tili nacho. Funso ndi lakuti chimene chikuchipha pamsewu n'chiyani.

Choyamba ndi chigulu. Mu 1968, John Darley ndi Bibb Latané ku America anaika ophunzira m'tizipinda, aliyense payekha, akulankhulana pa makina. Kenaka anamva mnzawo ngati wagwa khunyu akupempha thandizo. Mwa amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 alionse anathamanga kukanena. Mwa amene ankaganiza kuti pali anthu ena anayi akumvanso, anatsika kufika pa 31. Sanali anthu oipa. Aliyense ankati wina apita. Pa ngozi ya mu Limbe kapena pa Ginnery Corner pamakhala anthu 50, ndipo aliyense amayang'ana nkhope ya mnzake, naona kuti sakusuntha, nayenso n'kuima.

Chachiwiri ndi changu, ndipo ichi chitikhudze ife atsogoleri poyamba. Mu kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1973, Darley yemweyo ndi Daniel Batson anayesa ophunzira za ubusa pa sukulu ya ubusa ya Princeton. Anawatuma kuti akalankhule m'nyumba ina, ndipo ena anapatsidwa mutu wa Msamariya wachifundo. Panjira anaikapo munthu atagwa chogwada, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 anaima. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, 10 okha pa 100. Ena anachita kumulumpha munthuyo, akuthamangira kukalalikira za Msamariya. Wansembe ndi Mlevi a pa Luka 10 sanali akunja, anali anthu a m'kachisi, ndipo onse awiri anamuona munthu uja napita mbali ina. Mkulu wa mpingo amene adzachedwa ku sesoni chifukwa anaima pa ngozi, kapena wa kwaya amene adzafika yunifomu ili magazi, ameneyo sadzafunsidwa kanthu ndi munthu aliyense mu mpingo uno.

Chachitatu ndi mtima wa "si wathu." Ku England mu 2005, Mark Levine ndi anzake anayesa ochemerera timu ya Manchester United. Munthu wothamanga ankagwa pamaso pawo atagwira mwendo. Akavala malaya a timu yawo ankamuthandiza kwambiri, akavala a Liverpool ambiri ankangodutsa. Koma atayamba awakumbutsa kuti onse ndi anthu okonda mpira, wa Liverpool uja anayamba kuthandizidwa mofanana. Inu a Maule ndi a Manoma mwamva. Malire a amene timamutcha wathu amasuntha, ndipo timawasuntha ndi ife eni. Kumudzi wogwa panjira ankakhala mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Muno mu Blantyre, momwe kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000, amene adzakupezeni mutagwa adzakhala mlendo: mayi wa mandasi wochokera ku Thyolo, woitanira minibasi wa ku Mangochi, mlonda wa ku Nsanje. Moyo wanu udzakhala m'manja mwa munthu wosadziwa dzina lanu, monga wa mwana wake ungadzakhale m'manja mwanu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, anatero makolo, ndipo sanati uyambe wamufunsa kwawo.

Tsopano foni, imene ndi tchimo la kalata ino. Zitatu zija zinalipo kuyambira kale. Foni yawonjezera chinthu choipa kuposa zonsezo: imam'patsa munthu chochita, n'kumadziona ngati akuthandiza. Mtima ukagunda poona magazi, kugundako n'kokuuzani kuti yandikirani. Inu mumatenga kugunda komweko n'kukupereka ku kamera. Manja onse awiri atanganidwa, maso ali pa galasi, ndipo munthu wogonayo wasanduka kanema monga makanema ena amene munaonera m'mawa muli pa bedi. Mukachita kamodzi mtima umatsutsa. Mukachita kakhumi umangoti zii. Ana athu akukula akuona mitembo pa status tsiku ndi tsiku, pakati pa nthabwala ndi zigoli za mpira, ndipo tikudabwa kuti samva kanthu. "Ndipo chifukwa cha kuchuluka kwa kusayeruzika, chikondano cha aunyinji chidzazirala."

Ndamva zodzikhululukira zanu. Mukuti mumajambula kuti abale adziwe. Abale sadziwitsidwa choncho, ndipo mukudziwa. Mukuti ndi umboni wa apolisi. Umboni wa apolisi ndi nambala ya galimoto ndi pamene yaima, ndipo umapita kupolisi, osati kugulu la Mvano. Nkhope ya munthu amene akutsirizika, kapena mayi amene chitenje chamuvuka pogwa, si umboni wa chilichonse koma wa kuuma mtima kwa wojambulayo. Kaini naye anali ndi yankho: "Kodi ndine woyang'anira mphwanga?"

Koma pali chodandaula chimodzi chimene ndachilandira: ambiri mumaima chifukwa simudziwa chochita, ndipo mumaopa kuwononga. Chifundo chopanda luso chimathera m'misozi. Msamariya anagwidwa chifundo, inde, komanso anadziwa kumanga mabala, anali ndi mafuta ndi vinyo, anali ndi chokwera, ndipo analipira kunyumba ya alendo. Zotsatirazi anamwino a mumpingo uno aziona ndipo avomereza. Zisungeni.

Musanagwire munthu, tetezani malo. Ngozi yachiwiri imapha othandiza. Tumani anthu awiri, wina kumtunda wina kumunsi, akaimitse magalimoto patali ndithu, aike nthambi kapena matrayango. Zimitsani injini, ndipo pasapezeke wosuta fodya pamene petulo watayika. Potuma anthu musakuwe kuti "wina athandize," chifukwa wina ameneyo kulibe. Lozani munthu: "Inu achimwene a malaya ofiira, imitsani galimoto iyo." "Mayi, bwerekeni chitenje." Munthu wolozedwa chala sakana kawirikawiri, ndipo mmodzi akangogwada pansi ena amatsatira.

Kenaka magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo akataya malita awiri moyo uli pachiswe. Mtsempha waukulu wa pa ntchafu ukaduka, zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa, galimoto isanapezeke n'komwe. Valani magolovesi, ngati palibe lowetsani manja m'majumbo osabooka, chifukwa cha HIV ndi matenda a chiwindi. Pindani nsalu yoyera, ikani pa bala penipeni, ndipo kanikizani ndi mphamvu ya thupi lanu lonse, osati kungogwiriza. Khalani choncho mphindi 10 kapena kuposa osatukula. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatukula nsalu kuti aone ngati asiya, n'kuchotsa magazi amene anayamba kuundana, bala n'kuyambiranso. Nsalu ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina pamwamba. Ngati m'balamo mwalowa galasi kapena chitsulo, musazule, chifukwa mwina ndi chimene chatseka mtsempha. Kanikizani m'mbali mwake. Dothi, mchere, mankhwala otsukira mano ndi mafuta a mabuleki zisayandikire bala.

Magazi akamachita kuthovoka pa mkono kapena mwendo ndipo kukanikiza kwalephera, mangani. Tengani nsalu yopingasa masentimita 5 kapena kuposa, izungulizeni masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono. Mangani mfundo, ikani kamtengo kolimba, mangani mfundo ina, potokolani mpaka magazi asiye, ndipo kamtengoko kamangirireni kuti kasabwerere. Zimawawa kwambiri ndipo munthuyo adzakuwa, koma musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga, pa pepala kapena pa khungu lake, chifukwa adokotala adzafunsa. Waya, chingwe cha nsapato ndi lekeni zimacheka mnofu, musagwiritse ntchito.

Khosi ndi msana muziope. Munthu wogwa pa njinga yamoto kapena wogundidwa, muyeseni wothyoka khosi kufikira achipatala atanena kuti ayi. Mmodzi agwade kumutu, agwire mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke, azimulankhula. Helemeti musavule pokhapokha ngati sakupuma kapena akusanza. Musamudzutse kuti akhale tsonga, musamukoke miyendo ndi manja monga timachitira. Fupa la khosi losweka likasuntha likhoza kudula mtsempha wa mumsana, ndipo munthu amene akanachira amakhala wolumala moyo wake wonse chifukwa cha othandiza. Ngati wakomoka koma akupuma, mutembenuzeni chammbali anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi, mutu uyendere limodzi ndi thupi, kuti masanzi ndi magazi zituluke m'kamwa. Wokomoka wogona chagada amatsamwa ndi lilime lake lomwe. Ngati sakupuma, ikani manja awiri pakati pa chifuwa, kanikizani kulowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, mukusinthana osalekeza. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka.

Madzi musam'patse, ngakhale apemphe molira. Ndikudziwa kuti kukaniza munthu madzi kumaoneka nkhanza kwa ife, koma akhoza kutsamwa, ndipo ngati akupita ku fiyeta m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu. Musamuthirenso madzi kuti atsitsimuke. Wotaya magazi amazizidwa, ndipo kuzizidwa kumalepheretsa magazi kuundana. M'fundeni. Amayi awiri atambasule zitenje kutchinga anthu oonerera. Mwendo wothyoka musauwongole. Ikani katoni yopinda kapena thabwa mbali zonse ziwiri, mangani kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo. Pomunyamula, m'gonekeni pa chitseko kapena thabwa, anthu anayi kapena asanu, wa kumutu ndiye azilamula. Kumbuyo kwa pikapu kumene angagone chowongoka kuli bwino kusiyana ndi kumupinda pa mpando wa Sienta. Wokanikiza bala asasiye mpaka atafika m'manja mwa achipatala.

Foni, chikwama ndi ndalama za wovulala zisungidwe ndi munthu mmodzi, wina akuchitira umboni, ndipo zikaperekedwe kwa anamwino kapena apolisi. Ndi zamanyazi kuti ndilembe zimenezi, koma tonse tikudziwa kuti ena amayandikira wovulala kuti am'pisire m'thumba. Amene mumaopa kuti mukanyamula munthu apolisi adzakuvutitsani ngati mboni, pitani awiriawiri, ndipo imbirani mkulu wa mlaga wanu. Sesoni yagwirizana kuti mkulu adzakuperekezani kupolisi ulendo uliwonse umene mudzaitanidwe.

Pa za khunyu ndinene mwachidule, poti kumenekonso timathawa. Khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi mpweya. Chotsani munthuyo pafupi ndi moto kapena madzi, ikani chofewa kumutu, musamuike supuni m'kamwa, musamupanikize. Akasiya kugwedezeka m'gonekeni chammbali. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Tsopano lamulo la mpingo, kuyambira lero. Chithunzi kapena kanema wa munthu wovulala, wodwala kapena womwalira asaponyedwe m'gulu lililonse la mpingo uno. Adimini achichotse nthawi yomweyo, ndipo wotumizayo aitanidwe ku sesoni. Uthenga wa maliro usalembedwe m'gulu, ngakhale "RIP" pa status, kufikira mlembi wa mlaga atatsimikiza kuti banja lauzidwa. Banja liuzidwa monga makolo ankachitira: anthu awiri kapena atatu achikulire apite okha kunyumba, ayambe apeza mwini mbumba kapena wamkulu wa pabanjapo, wouzidwayo akhale pansi, pakhale mayi wina pambali pake, ndipo asasiyidwe yekha pambuyo pake. Ngati ali ndi BP kapena ndi woyembekezera, uzani kaye wachibale wina. "Kondwani nao iwo akukondwera, lirani nao akulira." Yesu pa manda a Lazaro analira, ngakhale ankadziwa chimene ati achite.

Makolo, ana anu amaphunzira pa inu. Mwana akamuluma mnzake, musangomumenya; m'tengeni akaone mano ake pa mkono wa mnzakeyo, mumufunse kuti akumva bwanji. Ndipo musaonere makanema a ngozi mwana atakhala pamwendo panu.

Loweruka likudzali, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko, anamwino athu adzaphunzitsa zonsezi m'holo ya mpingo, aliyense akuyeserera ndi manja ake. Mlaga uliwonse utumize anthu osachepera anayi, ndipo awiri mwa iwo akhale achinyamata. Anyamata a kabaza a pa siteji ya pamsika aitanidwe onse, kaya ndi a mpingo uno, kaya ndi Asilamu, kaya sapemphera. Madikoni mupite mukawauze pakamwa. Bwerani ndi chitenje chakale chochapa ndi katoni imodzi.

Tikufuna kugula mabokosi a chithandizo choyamba, limodzi la kutchalitchi, limodzi la pa siteji ya kabaza, ndi limodzi pa mlaga uliwonse. M'bokosi lililonse mukhale magolovesi, mabandeji akuluakulu, thonje la gozi, sizasi, pulasitala, bulangete lopepuka, tochi ndi cholembera. Banja lililonse lipereke K3,000 kwa msungichuma wa mlaga pofika Lamulungu lachiwiri la mwezi wamawa, pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo alandire lisiti. Amene simungathe, musabisale, bwerani mudzasoke zikwama zake. Mlembi wa sesoni akulembanso mayina a okonzeka kupereka magazi. Thumba limodzi ndi mamililita 450, ndipo achipatala amayamba akuyezani ngati muli oyenera. Mayina akakwana 30 tidzapita limodzi ku Malawi Blood Transfusion Service pa minibasi ya mpingo.

Amayi a Mvano apitirize kusinthana kugona kunyumba ya mayi oferedwa aja mpaka mwezi uthe. Chopereka cha chipepeso chikulandiridwabe kwa madikoni, ufa ndi makala zikusowa. Benchi lawo la kumsika likufuna munthu woligwirira masiku atatu pa sabata. Amene angathe aonane ndi amayi a tcheya a Mvano mapemphero akatha.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
m'malo mwa Sesoni.